Ku Lilongwe kukaona amayi: zolemba za pa ulendo

Lachitatu, pa msewu wochokera ku Zomba

Ndinafika pa siteji kusanache, chisanu cha mwezi wa Julayi chikuluma zala, koma basi imene oitanira ankalumbira kuti ikunyamuka nthawi yomweyo inaima mpaka dzuwa kutentha chifukwa mipando inali isanadzaze. Chandiyendetsa ndi foni ya mlongo wanga wa ku Area 25, amene wakhala akusunga amayi chimwalirire abambo athu. Akuti amayi sakudwala matenda oti munthu n'kuwatchula dzina, koma nsima akungoitsina pang'ono, usiku sakugona, ndipo masana onse amangokhala pakhonde osayankhula ndi munthu. Kwathu amayiwa ankadziwika m'midzi yonse yozungulira chifukwa cha mawu awo poyambitsa nyimbo pamaliro, choncho uthengawu unandisowetsa mtendere kuposa mmene ukanandisowetsera uthenga wa malungo.

Pa Balaka panakwera agogo ena aakazi amene kondakitala anachita kuwakoka dzanja, ndipo anakhala pafupi ndi ine. M'jumbo mwawo munali bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda, zonse zopindidwa bwino. Anati akupita ku Dedza ku maliro a mnzawo amene ankaimba naye kwaya ali atsikana. Nditafunsa ngati panalibe mwana woti akawaimirire pa nyengo yozizira chonchi, anandiyang'ana modabwa nati, "Mwanangu, ndikapanda kukaika anzanga, ine adzandiika ndani? Komanso mawondowa amapweteka kwambiri ndikangokhala pakhomo." Atatero anamasula mfundo ya chitenje nandigawira mtedza wokazinga, ndipo ndalama imene ndinafuna kuwapatsa ya tiyi anaikana.

Pa Lizulu ndinagula kandowa ka kachewere pa K5,000 kudzera pawindo. Basi inayamba kuyenda mnyamatayo asanandipatse chenji, koma anathamanga nayo mpaka kundiponyera ndalamazo pamiyendo.

Tinalowa mu Lilongwe kutada. Pa depoti ndimachita mantha nthawi zonse, ndipo chikwama ndinachikumbatira pachifuwa mpaka nditakhala m'minibasi ya ku Nsungwi, imene inandilipiritsa K2,000. Amayi ndawapeza ataonda ndithu. Anandigwira dzanja nthawi yaitali nati, "Mwayenda bwanji, bambo? Kumpingo kwathu anthu ali bwanji?" Za chimanga, mbuzi ndi denga la nyumba yawo anafunsa pambuyo pake.

Lachinayi, ku Area 25

Lero sindinatuluke, chifukwa ndimafuna kuona mmene tsiku la amayi limayendera. Ikamakwana 7 koloko m'mawa nyumba imakhala itatha anthu: mlongo wanga wapita ku ntchito ku City Centre, alamu ku Kanengo, ana kusukulu, ndipo geti la mpanda limakhomedwa ndi loko poopa akuba. Otsala ndi amayi, mtsikana wantchito amene ali ndi zochita zake, ndi wailesi ya kanema imene amayi saiona bwino popeza maso awo achita chifunga. Chakudya chilipo, bulangete lilipo, mankhwala a kuthamanga kwa magazi akumwa tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene anganene kuti mlongo wanga sakuwasamala.

Cha m'ma 2 koloko masana anandifunsa kuti lero ndi lachingati. Nditati ndi Lachinayi, anayankha kuti, "Ndiye kuti anzanga a Mvano avala kale zoyera." Mvano ndi gulu la amayi a mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Blantyre, ndipo kumudzi tsiku limeneli linali lawo. Anali msungichuma wa gulu, ankatsogolera oyendera odwala, ankalangiza atsikana ndi olowa m'banja, ndipo pakagwa maliro uthenga unkafika kwa iwo usanafike kwa anthu ambiri. Kalata yosamukira imene abusa akwathu anawalembera ndaipeza m'Baibulo mwawo, ikadali yomata. Banja la mlongo wanga limapemphera ku mpingo wina kumene ulaliki umakhala wa m'Chingerezi, ndipo amayi atapitako kangapo anati amangomva phokoso, nasiya. Mipingo yambiri ya CCAP ya kuno ili pansi pa Sinodi ya Nkhoma, ndipo gulu lake la amayi ndi Chigwirizano, chimene chinayamba mu 1940. Ntchito zake n'zofanana ndi za Mvano, koma amayi sadziwako munthu aliyense, tchalitchi chili patali, ndipo kuwoloka msewu wodzaza ndi njinga zamoto za kabaza ndi maso osaona bwino akuti ndi kudziputira imfa.

Chikhulupiriro chawo sichinachepe. Ndawamva akupemphera mbandakucha, akutchula ana ndi adzukulu mmodzimmodzi, ndipo kawailesi kawo kamangokhala pa mapulogalamu a mpingo. Chimene chasowa ndi anthu owayembekezera, oti amayi akachedwa afunse kuti ali kuti. Mu 2023 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti wokalamba mmodzi mwa anayi amakhala motalikirana ndi anthu, ndipo linaika vutoli m'gulu la zinthu zoopsa pa thanzi. Ife timaganiza kuti zimenezi n'za kwa azungu, poti kuno timasunga makolo athu. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu a zaka 60 kupita m'mwamba ndi pafupifupi 5 okha mwa anthu 100 alionse, ndipo mzinda uno, ndi madera ake otalikirana ndi mipanda yake ya njerwa, unamangidwira ena 95 aja. Munthu akhoza kusungidwa bwino ndi mwana wake koma n'kumatha masabata osaitanidwa dzina ndi wa msinkhu wake.

Lachisanu, ku Old Town

Ndinatsika m'tauni kukagula mankhwala a amayi ndi kukasoketsa thalauza imene inang'ambika m'basi. Pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe magalimoto anali atathinana kotero kuti ndinatsika n'kuyenda wapansi, ndipo ndinafika minibasi ija isanasunthe. Telala ndinamupeza pakhonde la sitolo ina, osati patali ndi mzikiti waukulu. Ndi bambo wachikulire kwambiri wochokera ku Mangochi, amene akuti anabwera kuno Lilongwe isanakhale likulu mu 1975, ndipo ulusi amachita kulowetseredwa m'singano ndi mdzukulu wake.

Ali mkati mosoka, kuitana kwa mapemphero a Lachisanu kunamveka. Anaimitsa makina nati, "Achimwene, mundidikire, ndikaonekere kaye," ndipo anandisiyira mpando wake ndi makinawo ngakhale sankandidziwa. Ndili pamenepo ndinaona madoda ambiri akulowera kumzikiti, ena ndi ndodo, ena atagwira phewa la mnyamata, akupatsana moni mokweza ndi kuseka. Atabwerera ndinamufunsa ngati kugwada ndi kuwerama sikumuvuta pa msinkhu wake. Anati amene mawondo akana amaswali atakhala pampando, ndipo palibe amawanena. Kenako anafotokoza kuti swala zisanu n'zimene zimamugawira tsiku: amadziwa nthawi yodzuka, yosamba, yoyenda ndi yopuma, ndipo mkazi wake atamwalira n'zimene zinamuletsa kumangogona. Anatinso munthu akapanda kuoneka Lachisanu kawiri, anzake amatumana kukamuona kunyumba. Iye ali ndi matenda a shuga, ndipo ndi ashehe amene anamuuza kuti asiye kumanga Ramazani, m'malo mwake azidyetsa wosauka, chifukwa chipembedzo chawo chimamasula odwala ndi okalamba pa kusala.

Ndikudya nsima ya nyemba ndi nkhwani wotendera mumsika, pa K3,500, ndinakumbukira kafukufuku wa akatswiri a ku Harvard amene anatuluka mu 2016. Iwo anatsatira anamwino aakazi oposa 74,000 a ku America kwa zaka 16, napeza kuti pakati pa amene ankapita ku mapemphero koposa kamodzi pa sabata, imfa zinali zochepa ndi 33 pa 100 poyerekeza ndi amene sankapita n'komwe. Zina mwa zifukwa zimene anazipeza ndi kukhala ndi anthu owachirikiza, kusasuta fodya, kuchepa kwa matenda a kukhumudwa ndi kukhala ndi chiyembekezo. Nambala zimenezi sindizitenga ngati lamulo la kuno. Anamwino a ku America ali ndi magalimoto ndi zipatala zimene agogo a ku Mchesi alibe, komanso nthawi zambiri amene amafika ku mapemphero ndi amene miyendo ikadali yolimba, choncho pali pena pamene thanzi ndi limene limamufikitsa munthu ku tchalitchi, osati tchalitchi kumupatsa thanzi. Ofufuzawo anayesetsa kuwerengera zimenezi. Komabe zifukwa zimene anatchulazo ndaziona lero zikuyenda ndi ndodo pa msewu wa Malangalanga.

Kusoka kunali K1,000. Ndabwerera ndi mutu wopweteka chifukwa cha fumbi ndi utsi.

Loweruka, ku Chinsapo

Azakhali anga, alongo awo a abambo, amakhala ku Chinsapo, ndipo chigwidwire ndi sitiroko zaka zingapo zapitazo sayenda. Ndinakwera minibasi ya ku Likuni, kenako kabaza wa njinga yakapalasa wa K1,000 amene anandilowetsa m'tinjira ta fumbi mpaka ndinasokonezeka kumene tachokera. Nyumba yawo ndi ya zidina, zipinda ziwiri, yopanda magetsi, ndipo poiyerekeza ndi ya mlongo wanga ndinayembekezera kupeza chisoni. M'malo mwake ndinamva kuseka ndisanafike pakhomo. Azakhali anali pamkeka, atatsamira khoma, amayi awiri a Lejio, gulu la mapemphero la Akatolika, akuwasesera pabwalo ndi kuwachapira.

Iwowa analowa Chikatolika pokwatiwa. Chikatolika cha kuno ndi chakale, popeza mishoni ya Likuni inakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1903, koma chimene chikuwasunga azakhali chinabwera pambuyo pake. M'zaka za m'ma 1970, Ambuye Patrick Kalilombe ali episkopi wa Lilongwe, analimbikitsa kuti akhristu azisonkhana m'miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana, kuti mpingo uzipezeka kumene anthu amakhala. Azakhali atagwa, mphakati wawo unasamutsira misonkhano yake pabwalo pawo. Lamulungu mtumiki wa Ukaristia amawabweretsera mgonero kunyumba, ndipo bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. Chimene chandikhudza kwambiri n'chakuti anthu amawabweretsera ntchito. Wina mwana wake akulemba mayeso, wina mwamuna wake wagonekedwa ku chipatala cha Kamuzu Central, wina banja likugwedezeka, onse amasiya mayina kwa azakhali kuti awatchule pa korona, ndipo amabweranso kudzanena mmene zathera. "Miyendo anatenga, mwana wa achimwene," anatero, "koma pakamwa anandisiyira, ndiye ndilibe nthawi yodandaula." Ululu ali nawo, nthawi zina usiku sagona, ndipo ndiwo zimasowa kawirikawiri. Koma amadya ndi mtima wonse, ndipo nkhani za dera lonse amazidziwa kuposa oyenda.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli agogo ena amene nkhani yawo yandilemera mpaka pano. Akuti anayamba kuiwala mayina a ana awo, kenako usiku wina anapezeka ataima pakhomo pa eni ake atangovala kansalu, osadziwa kumene ali. Kunja kusanache, mbiri inali itamveka kale yoti agwa pa lichero. Patapita masabata, mneneri wina wa ku mapemphero a m'tenti anauza mdzukulu wawo kuti chimene chikumutsekera ntchito chili m'nyumba mwawo momwemo. Kuyambira pamenepo ana oyandikana nawo analetsedwa kulandira chakudya kwa iwo, ndipo a kumpingo kwawo anasiya kubwera. Ndinapita ndi mmodzi wa amayi a Lejio aja kukawapatsa moni. Anali m'chipinda chamdima, ndipo atamva kuti pabwera mlendo anafunsa kuti, "Bambo, inu ophunzira, kodi n'zoona kuti Mulungu anandikana?" Ndinasowa poyambira.

Zimene anthu akufotokoza zikufanana ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba, amene amawononga ubongo pang'onopang'ono ndi kuchititsa munthu kusochera ngakhale pakhomo pake, makamaka usiku. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ngakhale zili choncho, mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno mphenzi itapha mtsikana wa m'banja lawo, ndipo nkhani zotere sizinathere pamenepo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, limene mabungwe oimira okalamba monga MANEPO analimenyera nkhondo kwa nthawi yaitali. Koma lamulo silingayankhe funso la agogo aja. Katswiri wina wa ku America, Kenneth Pargament, ndi anzake anapeza mu 2001 kuti odwala achikulire amene ankaganiza kuti Mulungu wawasiya, kapena kuti matenda awo abwera ndi Satana, ankamwalira ambiri m'zaka ziwiri zotsatira kuposa anzawo. Nyumba ziwirizi zalekana ndi kampanda ka udzu, dzina lotchulidwa m'mapemphero ndi limodzi, koma kwina likudzutsa munthu, kwina likumutsiriza.

Ndinachedwa kunyamuka, ndipo pobwerera kunali kutada. Wakabaza anandiperekeza mpaka pa siteji n'kudikira kuti ndikwere, osandilipiritsa china choonjezera.

Lamulungu, ku tchalitchi

Amayi anavomera kuti tipite kukapereka kalata ija. Galimoto ya alamu ili pa mzere wa mafuta chiyambire dzulo, ndipo njinga yamoto amayi anaikaniratu, choncho tinachita hayala kagalimoto pa K8,000 kupita ndi kubwera. Ndinawerengera mumtima kuti agogo amene amadalira ndalama za Mtukula Pakhomo, pulogalamu imene inayambira ku Mchinji mu 2006, sangayerekeze n'komwe ulendo wotere Lamulungu lililonse. Tikamati okalamba opita ku mapemphero amakhala bwino, tizikumbukira kuti kupitako kuli ndi mtengo wake.

Pakhomo la tchalitchi pali masitepe ataliatali opanda chogwirira, ndipo amayi tinachita kuwanyamula m'khwapa. M'kati zokuzira mawu zinali pamwamba kwambiri, makwaya a achinyamata anali ambiri, ndipo mawu a nyimbo ankaonetsedwa pakhoma pamene amayi sakanatha kuwerenga. Ndinawaona akufota pabenchi, ndipo ndinayamba kuopa kuti ulendowu ukhala wotsiriza. Kenako mkulu wa mpingo analengeza nyimbo ya m'buku, imodzi mwa zakale zija. Amayi sanafune buku. Mawu amene sindinawamve chifikire changa anatuluka onse, ndime zonse pamtima, mpaka a pabenchi yakutsogolo anacheuka.

Nthawi ya zopereka sinandisangalatse. Anthu ankaitanidwa mlaga ndi mlaga, ndiko kuti timagulu ta akhristu a dera limodzi, akuvina ndi ndalama zamapepala m'manja, ndipo zotsatira zinkalengezedwa kuti mlaga wopambana uwomberedwe m'manja. Pafupi ndi ife panali agogo ena amene mlaga wawo utaitanidwa anaweramitsa mutu ngati akufuna china m'chikwama mpaka anzawo atabwerera. Mpingo umafunika ndalama, zimenezo n'zodziwika, koma munthu amene anaumba njerwa za tchalitchi ali ndi mphamvu sayenera kuchita manyazi m'tchalitchi chomwecho mphamvu zitatha. Ndikudziwa okalamba kwathu amene anasiya kupita ku mapemphero pa chifukwa chimenechi, koma akafunsidwa amanamizira msana.

Mapemphero atatha tinapereka kalata kwa alembi a mpingo, amene anaitana mkulu wa mlaga wa kumene mlongo wanga amakhala. Tili chiimire, mayi wina wa imvi wa Chigwirizano anabwera n'kugwira amayi dzanja nati, "Ndinu munaimba muja? Mwakhala bwanji nthawi yonseyi osationekera, amayi? Lachinayi tikupezani kwanu komweko." Pobwerera amayi anadandaula njira yonse kuti anthu a kuno amathamangitsa nyimbo. Kudandaula kumeneku ndinakulandira ndi manja awiri.

Lachiwiri, ku Nkhoma

Dzulo ndinangogona, thupi lonse linali litaphwanyika. Lero tinadzuka 4 koloko kuti tipite ndi amayi ku Nkhoma kukaonetsa maso. Minibasi inatitengera msewu wa M1 kudutsa pa Nathenje mpaka pa Kamphata, pamene msewu wa ku Nkhoma umapatukira, ndipo ulendo wa makilomita pafupifupi 50 unatidyera K6,000 munthu mmodzi. Pa Kamphata tinadikira nthawi yaitali, mphepo ikuomba, mpaka mayi wina wogulitsa zitumbuwa anaitana amayi kuti akaothe moto pa mbaula yake.

Mishoni ya Nkhoma inakhazikitsidwa mu 1896 ndi amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, amene anayambira ku Mvera mu 1889, ndipo chipatala chake chinayamba mu 1915. Lero chimadziwika m'dziko lonse pa za maso, makamaka opaleshoni ya ng'ala. Zipatala za mipingo zimene zili pansi pa bungwe la CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, choncho kwa okalamba ambiri a kumidzi, mpingo ndi chipatala zimapezeka pabwalo limodzi. Pabenchi yodikirira ambiri anali a imvi, aliyense ndi womutsogolera. Kusanayambe kuitana mayina panali pemphero, kenako namwino analankhula za kuthamanga kwa magazi ndi shuga, zimene zimawononganso maso, ndipo anabwereza kuti munthu apemphere ndithu koma mankhwala asasiye, ngakhale atauzidwa kuti wachiritsidwa. Anthu ambiri anang'ung'udza movomereza, ndipo zinaoneka kuti aliyense akudziwa wina amene anataya mapiritsi atabwera ku mapemphero a usiku. Kafukufuku wa boma wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka za pakati pa 25 ndi 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo vutoli limakula ndi msinkhu. Nthawi zambiri silipweteka, n'chifukwa chake n'kosavuta kukhulupirira kuti latha.

Pafupi ndi ine panali madoda awiri a mudzi umodzi amene anabwera limodzi. Wina ndi mkulu wa mpingo wopuma, wina ndi mkulu wa kudambwe amene sanalowepo m'tchalitchi kupatula pamaliro. Ankagawana mbatata yootcha ndi kunyozana mwachibwana, ndipo wampingoyo ndi amene ankatsogolera mnzakeyo popeza iye diso limodzi likuonabe. Agogo a gule aja nditawafunsa ngati ukalamba ukuwaopsa, anati ayi, chifukwa kumene akupita kuli makolo awo, gule adzawaperekeza monga iwo anaperekezera ena, ndipo dzina lawo linaperekedwa kale kwa mdzukulu. Pamudzi sipachitika maliro, chinamwali kapena kulonga ufumu iwo osafunsidwa. "Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto," anatero, "ndiye moto ukadalipo, ife ntchito ikadalipo." Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO ngati chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2005, koma chimene chimawapweteka iwo n'chakuti adzukulu awo ena analowa mipingo imene inawaletsa kudya pakhomo pa agogo awo. Apa mkulu wa mpingo uja sanayankhe, anangowonjezera mnzake chidutswa cha mbatata.

Amayi anaitanidwa dzuwa litapendeka. Apezeka ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo apatsidwa tsiku loti adzachitidwe opaleshoni ya diso loyamba. Dokotala atawafunsa chimene akufuna kudzaona choyamba, ine ndinkayembekezera kuti atchula adzukulu, koma anati akufuna kuwerenganso Masalimo okha, osachita kupempha mwana amene amawerenga mothamanga. Baibulo lawo ndi Buku Lopatulika, limene linatuluka koyamba mu 1922, ndipo ntchito yolimasulira anaitsogolera ndi William Murray wa mishoni yomweyi. Nditawauza zimenezi anati tiyende pang'ono akagwire khoma la tchalitchi chakale, ndipo tinatero, ngakhale ine mtima unali pa minibasi yotsiriza.

Lachinayi, ku Area 25

Amayi a Chigwirizano anabweradi, asanu ndi mmodzi, atavala zoyera, ndipo anaima pageti akugogoda nthawi yaitali chifukwa kiyi anapita nayo alamu ku ntchito. Mtsikana wantchito anachita kuthamangira kwa oyandikana nawo kukabwereka makwerero, koma pamapeto pake kunapezeka kiyi ina m'kabati. Anakhala pamkeka pakhonde, anaimba, anawerenga mawu, kenako anayamba kufunsa amayi mmene a Mvano amachitira polangiza atsikana ndi poyendera ofedwa. Amayi anayankha kwa nthawi yaitali, akukonza apa ndi apo, ndipo pamapeto anapemphedwa kuti aziphunzitsa amayi achitsikana a mlagawu nyimbo za pamaliro, popeza ambiri sazidziwa pamtima. Agwirizana kuti mpaka maso atachira, azikumana pakhonde pomwepa kawiri pa mwezi. Madzulo amayi anadya nsima mitanda iwiri ndi usipa, napempha tiyi.

Sindikunena kuti zonse zakonzeka. Ulendo wa ku tchalitchi Lamulungu ukufunabe ndalama kapena mafuta, mawondo sabwerera mwakale, ndipo anzawo a zaka makumi asanu ali ku Zomba, osati kuno. Usiku tinakhala pansi ndi mlongo wanga ndi alamu. Alamu avomera kudulitsa kiyi ya amayi, ngakhale akuti sakondwa kuti geti lizitsegulidwa masana iwo kulibe. Ine ndalonjeza kutumiza ya hayala mwezi ndi mwezi. Amayi anamvetsera zonsezi, kenako ananena kuti maso akangochira akufuna kubwerera kumudzi, chifukwa safuna kudzaimbiridwa ndi anthu amene awadziwa dzulo. Mlongo wanga akuti kumudzi kulibe wowapatsa mankhwala pa nthawi yake, ndipo chipatala chili kutali, zimene n'zoona. Nkhaniyi taisiya kuti tidzaikambe opaleshoni ikadzatha, amalume ali pomwepo, chifukwa kwathu zotere sizigamulidwa ndi ana okha.